Chiwongolero chikunjenjemera ndikaponda mabuleki, thandizeni abale

Wa Quest Yoyera: Abale mwaswera bwanji. Ndili pa vuto ndipo nthawi yandithera. Corolla Quest yomwe ndimayendetsa pa Uber, ndikaponda mabuleki ndili pa 100 pa msewu wa N1 kuno ku Joni chiwongolero chikunjenjemera koopsa, komanso tayala lakutsogolo kumanja kukumveka kukhulana kwa zitsulo. Lolemba galimoto ikupita kokayezedwa. Mwini wake wati ndikonzetse ndekha, tidzachotsera pa ndalama ya pa sabata. Pa Facebook wina akugulitsa madisiki obowolabowola aja pamodzi ndi mapadi a racing, akuti zonse R1,800. Ndigule? Chonde yankhani lero.

Wa Polo ku Bellville: Gula aise usachedwe. Ine ndinamanga omwewo pa Polo yanga, ndikaimika pa Voortrekker Road anthu amachita kuwerama kusuzumira m'matayala.

Mayi a Mapasa: Iwe mnzako akufunsa zoimitsa galimoto, iwe ukunena zosuzumira?

Wa Polo ku Bellville: Kkkk mayi, zonse zimayendera limodzi.

Mjomba wa ku Mangochi: Musagule zimenezo. Apolisi a Metro akulanda galimoto iliyonse ya madisiki obowola, anayamba chaka chino. Mnyamata wina ku Mayfair yake ili ku pound mpaka pano.

Wa Polo ku Bellville: Mjomba nanga ma Porsche ndi ma Mercedes AMG amene amachoka nawo ku fakitale ali obowola kale, nawonso akulandidwa?

Mjomba wa ku Mangochi: Amenewo ndi a eni dziko. Ine ndikunena za ife obwera. Ndinamva kwa munthu wodalirika.

Mayi a Mapasa: Mnyamata wa ku Mayfair uja ndikumudziwa nkhani yake, laisensi ya galimoto inali itatha. Za madisiki mwawonjezera mjomba.

Dalaivala wa N3: Nkhani ya mabuleki mufunse ife a mathiraki. Ine ndimatsika Van Reenen, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, nditasenza katundu wopita ku Durban. Pamenepo buleki weniweni ndi giya. Tsiku lina kunali nkhungu, ndinapeza kagalimoto kaima m'mbali utsi ukufuka m'matayala, fungo lokhalokha la mapadi opserera. Mwini wake anali atatsika phiri lonse phazi lili pa pedulo, ndiye akuthira madzi a m'botolo pa disiki yotentha. Ndinamukuwira kuti bwanawe mukuiwononga, koma anali atathira kale. Ana anali kumbuyo akulira. Inu anyamata a Uber simudziwa kuchepetsa giya, ndiye mapadi sakukhalirani.

Wa Quest Yoyera: Zikomo achimwene, koma ine sindipita ku Durban. Funso langa ndi la madisiki aja, ndigule kapena ayi?

Wobwera Kumene: Moni nonse, ndalowetsedwa mu gulu lero. Ndafika sabata yatha, ndili ku Turffontein. Alipo amene akufuna dalaivala? Laisensi ya kumudzi ndili nayo.

Admin: Achimwene takulandirani, koma yambani mwawerenga malamulo a gulu. Munthu ali pa vuto inu mukulowetsa nkhani ya ntchito pakati. Za ntchito timalemba Lachisanu. Komanso dziwiranitu kuti kuno kunyamula anthu olipira kumafuna PrDP, chilolezo chapadera cha madalaivala a ntchito, si laisensi yokha ayi.

Mjomba wa ku Mangochi: Ana a masiku ano fumbi la pa Beitbridge lisanachoke kumapazi ayamba kale kufuna chiwongolero. Ife tinayamba ndi kutsuka galimoto pa car wash.

Wobwera Kumene: Pepani akuluakulu, sindimadziwa.

Mayi a Mapasa: Musamuopseze mwana. Tonse tinafika osadziwa kanthu. Wadya koma iwe?

Makaniko wa ku Jeppe: Ndinali pansi pa galimoto, ndangosamba m'manja kumene. Mwana wanga wa Quest, tamvera bwino, ndilemba kamodzi. Uli ndi matenda awiri, osati amodzi.

Kukhulana kwa zitsulo mbali imodzi yokha kukutanthauza kuti padi ya mbali imeneyo yatha mpaka pa chitsulo pomwe ya mbali inayo mwina ikadalipo. Zikatero kawirikawiri ndi mapini a caliper, chopanira chija chokanikiza mapadi pa disiki, amene auma, sakuseweranso, ndiye padi imodzi imangokhala yokanikiza disiki. Ukamanga mapadi atsopano osatsuka mapiniwo, atsopanowo adzathanso chimodzimodzi. Mapini amafuna girizi wa silicone, girizi wamba amafufumitsa timalabala take.

Kunjenjemerako ndi disiki. Anthu amati yapindika, koma nthawi zambiri imakhala kuti yadyeka mosafanana, pena yonenepa pena yopyapyala, kapena zotsalira za padi zamatirira malo ena. Chotsa tayala uyang'ane m'mphepete mwa disiki kapena pakati pake, pali malemba akuti MIN TH ndi nambala ya mamilimita, kunenepa kotsiriza kololedwa. Iyezedwe ndi micrometer, kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo. Ngati yafika pa nambala imeneyo, yatha ntchito, usalole munthu akuuze zosikima, kuipala pa makina kuti isalale. Disiki yopyapyala ili ngati chiwaya chopyapyala, sichichedwa kutentha.

Tsopano za obowolawo. Galimoto yako imagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ima nyamuka ima nyamuka pa maloboti. Madisiki obowola otchipa amang'aluka kuyambira pa mabowo pomwepo, ndawachotsa ambiri ali ndi ming'alu yolumikiza bowo ndi bowo. Madisiki osemedwa mizere aja amadya mapadi msanga. Mapadi enieni a mpikisano amagwira bwino akatentha, m'mawa wa June kuno ku Joni ali ozizira sagwira mokwanira, amalira, ndipo amadya disiki. Ngati wogulitsayo akupereka zonse pa mtengo umenewo, dzifunse kuti anazitenga kuti ndipo anapanga ndani. Gula madisiki osabowola a kampani yodziwika, ATE, Ferodo, Bosch, TRW, ndi mapadi ake. Pa padi kapena pa bokosi yang'ana chizindikiro cha E chokhala ndi 90R. Chimenecho ndi cha ECE R90, kutanthauza kuti anayesedwa ndipo kagwiridwe kake sikasiyana ndi ka mapadi a ku fakitale kupitirira 15 peresenti. Ukamapita ku shopu tenga VIN, nambala ya chesisi ya galimoto, chifukwa Quest zilipo za mitundu iwiri. Ndipo usinthe mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Mbali imodzi yokha galimoto imakoka ukaponda.

Wa Polo ku Bellville: Madala mukuopseza anthu. Anga sanang'aluke.

Makaniko wa ku Jeppe: Polo yako imayenda kuchoka pa nyumba kupita ku ntchito basi. Ya mnzakoyi imadyetsa mabanja awiri. Ndiponso dziwa kuti chimene chimaimitsa galimoto pa phula ndi tayala. ABS, makina oletsa matayala kukakamira ukaponda buleki, ikayamba kugunda pa phazi, ndiye kuti mabuleki agwira kale kuposa mphamvu ya tayala. Madisiki okongola pa matayala osalala mtunda woimira ndi womwewo.

Wa ku Leeds: Moni a ku Joni. Kuno ku England galimoto ikakwana zaka 3 imapita kokayezedwa, komwe amati MOT, chaka chilichonse, ndipo padi ikatsika pansi pa 1.5mm yalephera basi. Vuto lathu ndi mchere womwe amathira m'misewu nthawi yozizira. Madisiki akumbuyo amachita dzimbiri mpaka kusuwa, galimoto isanayende n'komwe mtunda wautali. Ine ndimayendera nkhalamba m'makomo, galimoto ikafa tsiku limenelo palibe malipiro. Mtengo wa makaniko kuno mungalire.

Mjomba wa ku Mangochi: Tumizani tikiti madala a ku Jeppe abwere adzakukonzereni kkkk.

Wa ku Leeds: Abwere ndi usipa ndi ufa woyera. Abale 4 koloko kunja kwada kale, ndakhala m'galimoto kudikira shift ina, mtima uli pa Chintheche. Ndikungoganiza kondowole wa batala.

Mayi a Mapasa: Musayambe zimenezo achemwali, mundiliza. Mayi anga aimba dzulo kuti mvula yoyamba yagwa ku Thyolo, anthu ayamba kubzala. Ana anga akukula ndi agogo awo, wamng'ono akumandiyankha pa foni ngati mlendo.

Dalaivala wa N3: Limbani mtima mayi. December wayandikira. Koma amene mukupita ndi galimoto zanu, sinthani brake fluid, mafuta a mabuleki, musananyamuke. Musina, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, galimoto itadzaza mpaka pa denga ndi ngolo kumbuyo. Mukafika kwanu muli ndi Chiweta kapena Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Fluid wakale amamwa madzi, akatentha amawira, pedulo imangolowa mpaka pansi.

Makaniko wa ku Jeppe: Apa ndiye mwanena zoona. Fluid wa mtundu wa DOT 4 watsopano sawira asanafike 230 digiri, koma akamwa madzi amatha kutsika kufika cha m'ma 155. N'chifukwa chake timati zaka 2 zilizonse asinthidwe.

Dalaivala wa N3: Ine ndimadziwa zimenezi inu musanatsegule garaja.

Makaniko wa ku Jeppe: Thiraki yanu ndi ya mabuleki a mpweya achimwene, fluid munamuonera kuti?

Dalaivala wa N3: Ndinayamba ndi minibasi ya Limbe–Mulanje ine. Musandiderere.

Mjomba wa ku Mangochi: Fluid akakuthera pa njira sopo wamadzi wotsukira mbale amagwira bwinobwino. Madalaivala akale onse amadziwa. Komanso DOT 5 ndiye wamphamvu kuposa onse, nambala yake ikuchita kunena.

Makaniko wa ku Jeppe: Mjomba chonde fufutani uthenga umenewu, muno muli ana amene akhulupirira. Sopo ndi madzi, amawira msanga ndipo amachititsa dzimbiri m'kati mwa mapaipi ndi mu pampu ya ABS. DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4, ndipo si wa galimoto za ABS ngati zathuzi. DOT 5.1 ndiye wofanana ndi DOT 3 ndi DOT 4. Werengani pa chitsekero cha kabotolo ka fluid, palembedwa woyenera.

Mjomba wa ku Mangochi: Ine ndanena zimene ndinaona ndi maso.

Admin: Mjomba, za sopo ndachotsa. Nkhani ya moyo wa anthu sitiseweretsa.

Mayi a Mapasa: Ndiwonjezere chenjezo. Za pa Facebook musatumize ndalama musanaone katundu. Bambo a kunyumba anauzidwa kuti atumize theka kuti awasungire matayala, atatumiza nambala ija sinapezekenso. Ndipo wogulitsa akati tikumane kuseri kwa mafulati madzulo, musapite nokha. Foni ndi galimoto zimapita limodzi.

Wa Polo ku Bellville: Izi ndiye zoona, ngakhale kuno ku Cape Town.

Wobwera Kumene: Pepaninso, PrDP imeneyo amapangira kuti?

Admin: Lachisanu achimwene, Lachisanu.

Wa Quest Yoyera: Abale mauthenga achuluka, ndinali ndi kasitomala wa ku bwalo la ndege la OR Tambo. Wina andiuze mwachidule, mwagwirizana chiyani?

Wa Polo ku Bellville: Akuti usagule, akuopa kuti uwoneka bwino kuposa iwo kkkk.

Mayi a Mapasa: Usamumvere. Kwera m'mwamba uwerenge za madala a ku Jeppe. Ndipo usiku uno imika galimoto. Chitsulo pa chitsulo wanyamula ana a eni, mnzathu iwe, ndalama ya usiku umodzi siingalipire maliro opita kumudzi.

Wa Quest Yoyera: Ndawerenga. Zikomo bambo. Nanga ndikagula osabowolawo ndingamange ndekha? Jeke ndi masipanala ndili nazo, ndalama ya makaniko ndiye yavuta.

Makaniko wa ku Jeppe: Kumanga sikovuta, koma pamene anthu amalakwitsa ndi pa zing'onozing'ono. Disiki yatsopano imabwera yopakidwa mafuta oteteza dzimbiri, itsukidwe ndi brake cleaner mbali zonse. Pa hub pomwe disiki imakhala pakwechedwe ndi bulashi ya waya mpaka pawale. Kadzimbiri kakang'ono kotsalira pamenepo kamapendeketsa disiki, pakapita miyezi kunjenjemera kwabweranso, iwe n'kumati anakugulitsa zabodza. Caliper usailendeweretse pa paipi yake, imangirire ndi waya. Usalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha. Manati a tayala pa Corolla ndi 103 Nm pa sipanala yoyezera kulimba, omangidwa modumphitsa, osati kuwaomba ndi mfuti ya mpweya mpaka kulira. Ukamaliza, usanasunthe galimoto, popa pedulo mpaka ilimbe, apo ayi buleki woyamba sagwira ndipo ukagunda geti. Kenako peza msewu wopanda anthu, fika pa 60, tsika mpaka 10 osaima, ubwereze ka 8 kapena ka 10, ndiye uyende pang'ono kuti zizizire. Makilomita 200 oyamba usamaponde mwankhanza pokhapokha pa ngozi.

Dalaivala wa N3: Ndipo aphunzire kuchepetsa giya.

Makaniko wa ku Jeppe: Zimenezonso. Koma poti sunamangepo, bwera mawa 7 koloko ndisanayambe za makasitomala, uzidzagwira sipanala ndiwe ine ndikuyang'ana. Mapini ndidzakutsukira. Udzagule buledi ndi mkaka wa tiyi wa anyamata, zakwana. Bokosi usataye ndi lisiti yomwe, mwini galimoto akaone.

Wa Quest Yoyera: Mulungu akudalitseni bambo. Ndikupita ku shopu panopa isanatsekedwe.

Mjomba wa ku Mangochi: Ukafunsenso mtengo wa batire ya Etios kumeneko. Ndipo abale, ndani akudziwa transporter wonyamuka sabata ino wodutsa pa Mwanza? Ndili ndi malata ndi firiji zopita kwa mayi ku Namwera.