Imelo ya ku yunivesite yandisowetsa tulo, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga a pagulu lino, ndabisa dzina chifukwa pano pali achibale komanso anthu a kumpingo. Ndili ku UK pa Student visa, ndikupanga masters, ndinabwera mu Seputembala 2024. Dzulo ndalandira imelo kuchokera ku ofesi ya ma visa ya pa yunivesite yathu. Akuti ndikaonane nawo Lachinayi, ndipo ndikatenge ma payslip onse kuyambira mwezi wa Juni. Chiwerengereni imeloyo chakudya sichikulowa.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kudzera ku agency. Kuyambira Juni ndakhala ndikutenga mashifti ochulukirapo poti makalasi anatha, ndipo anzanga onse akuchita chimodzimodzi. Sindikuchitira kukonda ndalama ayi. Landilodi anakweza lendi mu Epulo, pomwe m'bafa nkhungu ili bii mpaka pano. Amene ndimakhala naye nyumba imodzi amasiya hita ikuyaka usiku wonse koma bilu timagawana pakati. Kumudzi ndinasiya bambo a kunyumba ndi mwana ku Zomba, fizi ya mwanayo ikuyang'ana ine. Amalume amene anandibwereka ndalama zoonetsa ku banki akuimba sabata iliyonse, ndipo alamu anga akuuza anthu kuti ndinayamba kudzimva. Supervisor wanga wa ku sukulu nayenso imelo amayankha patapita masabata. Kodi a yunivesite akufuna kundithamangitsa? Ndipiteko kapena ndinene kuti ndadwala?

Ankolo a ku Leeds: Nkhani zake ndi zomwezi. Ine ndinabwera kuno 2003, ana inu musanadziwe kuti ndege imakweredwa bwanji. Mwabwera kudzaphunzira kapena kudzagwira ganyu? Walira mvula walira matope, mwana wanga. Malamulo munasainira nokha.

NaPhiri wa PhD: Achemwali pepani, khazikitsani mtima pansi kaye. Tiuzeni zinthu ziwiri. Pa sabata mumagwira maola angati, ndipo dissertation, kafukufuku womalizira kosi uja, munapereka kale kapena mukulembabe? Pa Student visa ya digiri malire ndi maola 20 pa sabata nthawi ya teremu. Vuto la a masters ndi lakuti mayunivesite ambiri amawerenga miyezi yolemba dissertation ngati teremu, ngakhale makalasi atatha. Holide ya chilimwe ija ndi ya a digiri yoyamba.

Mayi a Tadala: Mulungu amene anakutsegulirani khomo sangakutayeni pa njira. Salani kudya mawa, ndikupemphererani mchemwali wanga.

Ankolo a ku Leeds: NaPhiri musaopseze mwana. Nkhani ya maola ndi yapafupi. Sabata ino wagwira 30, sabata ya mawa wagwira 10, pa mwezi zikufanana basi. Ife timkatero ndipo palibe anatifunsapo.

NaPhiri wa PhD: Ankolo, ndi ulemu wonse, zimenezo si zoona ndipo zikhoza kumugwetsa munthu m'mavuto. Home Office, unduna woona za ma visa, imawerenga sabata iliyonse payokha, kuyambira Lolemba kufika Lamulungu. Sabata imodzi yokha ikadutsa 20, lamulo laphwanyidwa. Ngati muli ndi mabwana awiri amaphatikiza maola onse.

Ankolo a ku Leeds: Mwana wa dzulo lomweli akufuna kundiphunzitsa za dziko lino! Ine nyumba ndinagula kuno, ana anga anabadwira kuno. Nthawi yathu kunalibe za CAS, chikalata cha yunivesite chofunsira visa chija, kunalibe za IHS, ndalama ya chipatala ija. Lero mukulipira £776 pa chaka kuti mukaonane ndi dokotala, kenaka muzidikira masabata kuti akuitaneni. Nkhani ndi ndalama basi. Mayunivesite akudyera inuyo, fizi ya mlendo ikudyetsa sukulu yonse. Akutengeni ndalama zonsezo kenaka akuuzeni kuti musagwire ntchito, mudya chiyani?

Chiko wa ku Kanjedza: Inu bola munafika. Ine anandikaniza visa ndili konkuno ku Malawi. Ndalama zinali mu akaunti, fizi yotsala kuphatikiza zodyera za miyezi 9, nthawi imeneyo £1,023 pa mwezi kunja kwa London. Amafuna zikhalemo masiku 28 otsatizana osatsika. Zinali zokwana bwinobwino, kenaka mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Iwo amasintha kupita ku mapaundi potengera mtengo wa tsiku limene watumiza fomu, ndiye zinaperewera kutalitali. £490 ya visa inapita osabwerera, ndalama zoyezetsa TB zinapita, setifiketi yake inatha mphamvu patatha miyezi 6. Mayi anga anali atagulitsa poloti ku Mpemba. Ndikamawerenga anthu akudandaula za nkhungu ya m'bafa mtima umandiwawa.

Membala wobisa dzina: A Chiko pepani kwambiri, koma kunonso sikophweka. Mukanaona mmene bafalo likuonekera. Ndipo amalume aimbanso m'mawa uno ndili pa basi.

NaPhiri wa PhD: Achemwali, za amalume tamva. Dissertation munapereka kapena ayi? Tsiku lomaliza kosi limene linalembedwa pa CAS yanu ndi liti?

Jombo Mkulu: Mukamabwerera mundisungire jekete yachisanu ija, ku Dedza kuno ikagwira ntchito 😂

Mayi a Tadala: A Jombo, mnzanu akulira inu mukuseka. Manyazi mulibe?

Jombo Mkulu: Ndimafuna amwetulireko pang'ono, mayi. Pepani achemwali.

Bambo Travel Link: Musavutike asisi, bwerani ku inbox. Ndili ndi anthu amene akhoza kukupezerani sponsorship ya care, muchoke pa visa ya sukuluyo sabata yomweyi. Mtengo tikambirana.

Admin 2: Bambo, chenjezo lomaliza. Ku UK kupereka uphungu wa za immigration popanda chilolezo ndi mlandu. Munthu ayenera kukhala loya kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC. Komanso kuyambira Julayi 2023 wophunzira sangangolumphira pa visa ya ntchito kosi isanathe. Pagulu lino alipo anthu analipira ndalama zambirimbiri kugula sponsorship, atafika anapeza ntchito kulibe.

Ankolo a ku Leeds: Apo a Admin mwalankhula. Mavenda a ma visa amenewa ndi amene atiyipitsira mbiri. Koma inenso ndinene, ndani anakuuzani kuti musiye mwamuna ndi mwana n'kubwera kuno? Banja limatha choncho. Ndaona ambiri.

Thoko ku Glasgow: Ankolo musamuweruze. Sanawasiye mwadala. Kuyambira pa 1 Januwale 2024 a masters ya makalasi saloledwa kubwera ndi banja, kupatula a PhD, a masters ya kafukufuku ndi amene akulipiriridwa ndi boma. Ineyo ndinalowa chaka chimodzi lamulolo lisanayambe, ndiye ana ndili nawo kuno, koma chisoni chimandigwira ndikaona anzanga akuyang'ana ana pa foni usiku atachoka ku shifti. Achemwali, kusapita ku msonkhanowo ndiye kungakuonongereni zonse. Yunivesite ndiye sponsor wanu. Mukajomba adzalemba kuti simukumvera, ndipo akachotsa sponsorship, Home Office imafupikitsa visa, kawirikawiri kufika masiku 60.

Mlamu wa ku Joni: Kuno ku South Africa malire ndi maola 20 omwewo pa study visa, ndipo popanda medical aid ya konkuno sukulu sikulembetsa. Kungoti kuno vuto lathu ndi kudikira. Ukapereka mapepala ku VFS, ofesi yolandira mafomu a visa, umayiwalako. Mng'ono wanga anayamba semesita ndi lisiti yokha m'manja.

Ankolo a ku Leeds: Za ku Joni zikubwera bwanji apa? Mwana wanga, mvera ine. Ukapite, ukavale bwino, ukawauze kuti sumadziwa. Ma payslip a masabata oipawo uwasiye kunyumba. Azungu ukawalankhula mwaulemu amamva.

NaPhiri wa PhD: Ayi Ankolo, chonde! Kubisa ma payslip ndiye kudzikumbira dzenje. Malipiro onse odutsa pa payslip amafika ku HMRC, bungwe la misonkho, pa nambala yake ya National Insurance, ndipo agency ili ndi ndandanda wa mashifti onse. Kudutsa maola ndi mlandu umodzi, kunama ndi mlandu wina woposa, umene umatha kumutsekera munthu visa zaka zambiri. Mwinanso ndi agency yomweyo imene yafunsa ku yunivesite za masiku a teremu, poti bwana wogwiritsa ntchito munthu mosemphana ndi visa yake amatha kulipitsidwa mpaka £45,000 pa munthu mmodzi, akabwereza £60,000.

Ankolo a ku Leeds: Mabuku akuchulukirani NaPhiri. Moyo si mabuku. Ine ndathandiza achinyamata osawerengeka kuno, ena amagona pa sofa panga miyezi. Lero akandiona mu tauni amayang'ana kumbali. Mtundu wathu ndi wosayamika.

Thoko ku Glasgow: Achemwali, lero lomwe imbani ku students' union ya pa sukulu panupo. Ali ndi alangizi aulere ndipo ndi osiyana ndi ofesi imene yakuitananiyo, ena amatha kukuperekezani. UKCISA nayo ili ndi foni yolangiza ophunzira ochokera kunja. Mashifti a sabata ino muwachepetse asadutse 20 mpaka mutamva zoona zake. Komanso ngati mumaperekera anthu zakudya pa njinga kudzera pa ma app aja, kapena mumaluka anthu tsitsi molipiritsa, siyani, Student visa siilola ntchito yodzilemba wekha ngakhale ya ola limodzi.

Chiko wa ku Kanjedza: Kodi pali amene akudziwa ngati kukanizidwa kamodzi kumaononga mwayi wa Chevening, sikolashipu ya boma la UK ija? Ndikufuna ndiyesenso.

Admin 2: A Chiko yambitsani funso lanu padera.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Ku union andipatsa Lachitatu masana. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndimawerengera Graduate visa, ya omaliza maphunziro ija, kuti ndigwire ntchito zaka 2 ndibweze ngongole ya amalume, ndiye ndamva kuti boma linanena mu Meyi 2025 kuti likufuna kuichepetsa ikhale miyezi 18. Tsitsi ndimangoluka anzanga awiri a kumpingo, amandipatsa ya basi. Landilodi nayenso watumiza uthenga kuti akubwera kudzaona nyumba Loweruka.

Ankolo a ku Leeds: Landilodi ameneyo mundipatse nambala yake ndimulankhule ndine.

NaPhiri wa PhD: Achemwali, Graduate visa imadalira kuti yunivesite iuze Home Office kuti mwamaliza kosi, ndipo mufunsire muli konkuno Student visa isanathe. Ndiye msonkhano wa Lachinayiwu ndi wofunika kuposa za landilodi. Popita ku union mutenge CAS, imelo ija, ma payslip onse ndi kalata ya masiku a teremu a kosi yanu, ndipo za tsitsizo mukawauzenso. Ngati kosi inatha kale mwalamulo, full time ndi yololedwa mpaka visa ithe, bola isakhale ntchito yokhazikika. Ngati mukulembabe, nkhani yake ndi ina. Mpaka pano simunatiyankhe, dissertation munapereka?