Kodi chipondamthengo ndi chiphuphu?

Nambewe: Abale ndithandizeni. Mlamu wanga anapita kukatenga chikalata ku ofesi ina mtauni, wa pawindo nkumuuza kuti siyani kaye chipondamthengo. Ine nditati chimenecho ndi chiphuphu basi azakhali anandikalipira kuti ndikunyoza mawu a makolo. Tanthauzo lake lenileni ndi lotani?

Achisale: Agogo anga ku Ntcheu akamapita kwa sing'anga ankatenga nkhuku atayimanga miyendo ndi luzi, nkuipereka ndi manja awiri anthu akuona, kuti sing'angayo akalowe kuthengo kukakumba mizu, minga imubaye, mame amunyowetse. Nanga wa pawindoyo alowa thengo liti poti boma limamulipira kale

Phiri wa ku Joni: Ndi kuthokoza basi. Wamkachisi amadya zamkachisi.

Nabanda: Apa mpamene pamandivuta ine. A Transparency International, bungwe lolimbana ndi katangale, chiyambire 1995 amatulutsa mndandanda wa mmene katangale alili m'mayiko chaka chilichonse, mu 2023 munali mayiko 180, malikisi kuchoka 0 kufika 100 (malikisi ambiri ndiye kuti katangale ngochepa), Denmark inapeza 90 ife a Malawi 34. Koma iwo sawerenga ziphuphu zenizenizo, amatenga mmene akatswiri ndi anthu a bizinesi akuonera. A Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu mu Africa, ndi amene amafika pakhomo nkufunsa munthu wamba ngati anaperekapo kanthu kuti athandizidwe. Ndiye tangoganizani afunse azakhali anuwo, mumtima mwawo chimene anapereka sichoipa, ayankha kuti ayi moona mtima ndithu, nambala nkutsika chonsecho ndalama inatuluka

Phiri wa ku Joni: Achemwali, ngati woperekayo wapereka mokondwa vuto lili pati? Kuthokoza sikatangale

Achisale: Mumathokoza bwanji munthu asanakuthandizeni aPhiri? Komanso nkhuku ya agogo sinkabisidwa mkati mwa mapepala.

Phiri wa ku Joni: Sing'anga naye amalandira asanachize. Ndanena kale ndi chimodzimodzi

Nambewe: Mlamu wanga sanakondwe ayi, inali ya ufa ndalama imene ija, anabwerera wapansi mpaka kunyumba.

Gogo Nazimbiri: Ana a masiku ano mwaononga chilankhulo. Mdzukulu wanga akuti ya fanta, ya mayunitsi, kenakake, ndinamufunsa chipondamthengo nchiyani akuti ndi dipoziti ya nyumba ya lendi. Thengolo sanaliponde nkomwe chibadwire, sadziwa ngakhale mtengo wa muwawani

Phiri wa ku Joni: Agogo koma dipozitiyo sanalakwitse kwenikweni