Kodi nkoyenera kuti bambo anga a zaka 84 akajambulidwe kayendedwe ka magazi mumtima?

Mwana wa ku Ngabu:
Ndikupempha nzeru kwa odziwa za matenda a mtima. Bambo anga ali ndi zaka 84, ndipo chiyambire mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo kuno kuchigwa, akhala akudandaula kuti pachifuwa pamawathina akangoyenda pang'ono kulowera kudimba, koma akakhala pamthunzi zimaleka. Tinakwera nawo ku Blantyre, kumene dokotala atawayeza ndi makina oona kagundidwe ka mtima (ECG) anati mwina mitsempha yodyetsa mtima yayamba kutsekeka, ndipo anatchula sikani yoonetsa mmene magazi akufikira mu mnofu wa mtima. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akufuna awatenge akajambulidwe kumeneko. Kodi munthu wamkulu chotere angapirire, nanga phindu lake nlotani?

Namwino wopuma, Nchalo:
Pepani ndi matendawo, achemwali. Sikaniyi amaitcha myocardial perfusion scan. Amabaya mumtsempha wa pamkono mankhwala otulutsa cheza pang'ono, kawirikawiri technetium-99m, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, kenaka kamera imajambula mtima kawiri: munthu atapuma, komanso mtima utagwiritsidwa ntchito. Pamene magazi akuchepa pa nthawi ya ntchito yokha, ndiye kuti mtsempha wachepa njira koma mnofu uli moyo. Pamene sakufika nthawi zonse ziwiri, kawirikawiri pamakhala chipsera cha mtima umene unavulala kale.

Achinyamata amawayendetsa pa makina mpaka mtima ugunde 85 peresenti ya nambala yotsala mukachotsa zaka zawo pa 220, kutanthauza pafupifupi ka 116 pa mphindi kwa bambo anu. Okalamba ambiri mawondo sawalola kufika pamenepo, choncho amawapatsa mankhwala otsegula mitsempha monga adenosine kapena regadenoson ali chigonere. Ubwino wina ngwakuti mankhwala a cheza aja savutitsa impso monga amachitira madzi obaya pojambula sikani ina yotchedwa CT. Chovuta nkugona osagwedezeka kwa mphindi 15 kapena 20 manja ali pamwamba pa mutu.

Wazachipatala wa ku Nsanje:
Mayi namwino afotokoza bwino, koma ine funso limene ndingafunse dokotala musanagule tikiti ndi ili: zotsatira zake zidzasintha chiyani? Sikani sichiza. Ntchito yake nkuthandiza kusankha ngati munthu alowetsedwe kachubu mumtsempha kuti aikidwe stent (kachitsulo kotsegula mtsempha umene wachepa njira) kapena achitidwe opareshoni. Ngati bambowo sangalole zimenezo, kapena thupi lawo silingazipirire, mankhwala amene adzapatsidwe akabwerako ndi omwewo amene angayambe lero: otsitsa mafuta m'magazi, a BP, ochepetsa liwiro la mtima, aspirin ngati dokotala waona kuti sangawachititse kutaya magazi m'mimba, ndi ena oika kunsi kwa lilime ululu ukayamba.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISCHEMIA, wa anthu 5,179, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti kwa odwala amene matenda awo sakusinthasintha, kuthamangira kutsegula mitsempha sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala, ngakhale kunachepetsa ululu kwa amene unkawavuta kawirikawiri. Ambiri mwa anthuwo anali ocheperapo zaka kuposa bambo anu, ndiye musautenge ngati lamulo. Sindikunena kuti zaka zokha zimletse munthu; nkhalamba imene ikulimabe dimba, nzeru zili bwinobwino, ndipo ululu sukumva mankhwala, ingapindule ndithu.

Chinanso, awayeze kuchuluka kwa magazi. Kuno malungo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi, ndipo kuchepa kwa magazi kumakulitsa ululu wotere. Koma ululu ukawagwira ali chikhalire, nkupitirira mphindi zingapo, thukuta lili kamukamu, musadikire za sikani, thamangirani nawo kuchipatala.

Mdzukulu wa ku Bangula:
Agogo anga aakazi anajambulidwa ali ndi zaka 81. Tsiku loyamba tinabwezedwa chifukwa ndinawapatsa tiyi m'mawa, osadziwa kuti tiyi, khofi ndi Coca-Cola zimafooketsa mankhwala otsegula mitsempha aja. Pamafunika kuzisala maola 12 mpaka 24, malinga ndi malangizo a chipatalacho. Ngati bambo ali ndi mphumu, nenani msanga, pakuti adenosine amatha kubanikitsa. Agogo anamva kutentha kumaso ndi phuma kwa kanthawi kochepa, koma chimene chinawafooketsa kwenikweni ndi ulendowo.

Mwana wa ku Ngabu:
Zikomo kwambiri nonse. Ndazindikira kuti takhala tikukambirana ndi achimwene pa foni osawafunsa eni akewo ngati angalole stent. Madzulo ano ndikhala nawo pansi pamodzi ndi mayi, ndipo Lolemba ndipita nawo akayezetse magazi tisanabwerere kwa dokotala uja.