"Eager beaver" tiziti chiyani? Thandizeni, ntchito ikufunika mawa

Womasulira wa ku Area 25:
Akuluakulu ndathedwa nzeru. Ndikumasulira buku lophunzitsira oyang'anira mavolontiya, kasitomala akulifuna mawa 8 koloko. Pali chiganizo chakuti woyang'anira achenjere ndi ma "eager beavers" sabata yoyamba. Ndinalemba "anthu akhama pantchito", reviewer (wounika ntchito yanga) wabweza, ati back translation (kumasulira Chichewa changacho kubwerera m'Chingerezi) yatuluka "hardworking people". Ndayesa "achangu", wabwezanso. Mu glossary (mndandanda wa mawu ndi matanthauzo ake) mulibe, mu TM (nkhokwe ya ziganizo zomasuliridwa kale) mulibe. Ndilembe chiyani abale?

Mphunzitsi wopuma:
Reviewer wanuyo sakulakwa ayi. Uyu si wakhama wamba. Ndi uja wangoyamba kumene, amafika mlonda asanatsegule geti, abwana asanamalize kufunsa iye wakweza kale mkono. Mawuwa anafala m'ma 1940, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pakati pa asilikali a ku America, ponena za achinyamata odzipereka pa chilichonse kuti akuluakulu awaone. Ndiye muli kuyamika, komanso muli kaseko. Munthu wakhama sitichenjezana naye, n'chifukwa chake mawu anuwo sakukhala pamenepo.

Wa ku Mangochi:
Ikani katumbu basi. Beaver ndi nyama ya m'madzi, katumbu ndi nyama ya m'madzi. Owerenga aone chithunzi.

Mayi wa masabutaitulo:
Achimwene, zimenezo ndi nyama ziwiri. Beaver sadya nsomba, amadya makungwa. Amagwetsa mitengo ndi mano n'kutseka nayo mtsinje, ntchito yake ndi ya usiku. Khama lakelo ndiye linamuika m'mawuwa, kuphatikizapo kuti eager ndi beaver zimamveka mofanana m'khutu. Ku Canada ali mpaka pa ndalama ya 5 cents. Kwathu kuno mukati katumbu, mlimi wa nsomba akumbukira mbala imene imam'thera chambo m'dziwe.

Wa ku Mangochi:
Komabe nyama isasowe mayi. Mukachotsa nyama mwapha chining'a. Katumbu.

Mkonzi wa ku Blantyre:
Chenjezo langa ndi ili: musalembe "ofuna kuonekera" kapena "odzikometsa kwa abwana". Ine ndinalembapo "odzionetsera" m'buku lofanana ndi limeneli. Tsiku la maphunziro mayi wina anaimirira, buku lili m'manja, akuti ife timayenda wapansi mpaka kumidzi popanda malipiro, lero mukutitcha odzionetsera? Holo yonse zii. Mabuku anabwezedwa, ndipo malowo sanandipatsenso ntchito. Kumbukirani kuti amene akunenedwawo adzaliwerenga bukulo.

Musasiyenso liwulo mu Chingerezi. "Beaver" likakhala palokha lili ndi tanthauzo lina lolaula m'Chingerezi cha ku America, wina akalisaka pafoni mudzachita manyazi.

Mayi wa masabutaitulo:
Ine ndikanati "ojijirika". Wojijirika sakhala pansi, mtima uli m'mwamba, uku wagwira uku wagwira. Si chipongwe, koma amene wamva amadziwa kuti changucho chapyola. "Muchenjere ndi ojijirika amene amafuna kugwira zonse sabata yoyamba." Koma "aphuma" ayi, phuma ndi la wowononga ntchito. Mulembenso comment yofotokoza, apo ayi back translation idzatuluka "restless" n'kukubwezeraninso.

Wa ku Mangochi:
Ojijirika mulibe nyama. Ngati katumbu mwamukana ikani chiswe, chimamanga chulu osapuma. Ngakhale ine ndikadali pa katumbu.

Mphunzitsi wopuma:
Chiswe bambo chimadya nsichi za nyumba, volontiya sangakondwe. Ine m'kalasi ya Fomu 4 ndinkangoloza mwana uja wofufuta bolodi ndisanamutume, onse ankamva pompo.

Mkonzi wa ku Blantyre:
Vuto lenileni ndi back translation imeneyi. Amapatsa munthu amene sanaone source (Chingerezi choyambiriracho), amasulire liwu ndi liwu, kenako wolakwa ndiwe. Inu a ku Area 25, kubweza kawiriko akukulipirani? Ena amawerenga mawu a source okha, zokonzazo n'zaulere. Onani PO yanu (chikalata chimene anakupatsirani ntchitoyi) musanagone.

Mayi wa masabutaitulo:
Zoona. Ine invoice ya mwezi wa March mpaka lero sanandiyankhe.