Tchuthi cha uchembere chikutha: ndilimbikire bere kapena ndiyambe mkaka wa m'chitini?

Amake Tiyamike, Chawama

Amayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi itatu ndipo mwezi uno ndibwerera kuntchito. Ndimagulitsa zitenje m'sitolo ina ku Kamwala, kunyamuka m'mamawa, kufika kunyumba dzuwa litalowa. Mwana azitsala ndi apongozi anga amene abwera kuchokera ku Katete.

Kunena zoona, kuyamwitsa kwandikwana. Aliyense amangotamanda ubwino wake, koma palibe anandiuza kuti nsonga za mabere zimang'ambika mpaka wolira n'kukhala iwe mayi. Masabata oyamba ndinkaluma nsalu mwana akamagwira bere. Zilondazo zinapola, tsopano vuto ndi tulo. Usiku akadzuka, bambo ake amangotembenuka n'kukoka bulangeti, poti alibe chomupatsa. Njala nayo siinditha. Ndiye ndimaganizira tsiku limene mkaka udzadonthere pabulauzi ndili mkati moyeza chitenje cha kasitomala.

Apongozi akuti mwana wamwamuna bere lokha silimukwana, tiyambe kaphala kamadzimadzi. Akutinso mkaka ukatandala m'bere tsiku lonse umasasa, ndikadzamuyamwitsa madzulo azidzatsegula m'mimba. Bambo ake akuti tigule wa m'chitini nkhani ithe. Anesi kukiliniki akuti bere lokha mpaka miyezi 6, ngakhale madzi ayi. Inu amene munadutsamo, phindu lake ndi lalikulu moti munthu n'kuvutikira chonchi? Musandinyengerere.

Amake Mapasa, Kanyama

Amake Tiyamike, bambo a mwanayo muwatume okha kusitolo akaone mtengo wa chitini. Chikamagona pashelefu chimaoneka chachikulu, koma mwana wa miyezi inayi amachimaliza m'masiku atatu kapena anayi. Ophunzitsa zakadyedwe ka ana amawerengera makilogalamu 20 a ufawo pa miyezi 6 yoyamba, ndiye zitini 50 za magalamu 400. Kwa inu pa miyezi itatu yatsalayi ndi zitini pafupifupi 30, ndipo sikuti akakwana miyezi 6 mwasiya kugula.

Chimene chimandiopsa ine si ndalama koma zimene munthu umachita ndalama ikachepa. Umayamba kuchepetsa masipuni n'kuchulutsa madzi kuti chitini chifike tsiku la malipiro. Mwana amakhuta madzi, sikelo osakwera. Ndinaziona kwa mnansi wanga, mayi wachikondi ndithu, kungoti thumba linakana.

Kenako madzi. Ife a ku Kanyama kolera ya 2023 mpaka 2024 sitinaiiwale, pomwe bwalo lamasewero la Heroes Stadium linasanduka chipatala. Mkaka wa m'chitini umafuna madzi owiritsa nthawi iliyonse, botolo lophikidwa, ndipo wotsala ukadutsa maola awiri umatayidwa. Malaiti akapita ndiye kuyatsa mbaula pakati pa usiku mwana akulira. Bere silifuna malasha. Ine amapasa anga ndinawayamwitsa onse awiri, ndinaonda mpaka masiketi kumavuka okha, koma dzinja lija anzawo akugonekedwa ndi m'mimba, anga sanagone kuchipatala.

Mzamba Wopuma, Matero

Mwanangu, ndiyambe ndi za apongozi. Mkaka susasa uli m'bere. Ukhoza kutandala kuntchito, madzulo n'kuyamwitsa popanda vuto. Choopsa chili kwa iwe: bere likadzaza osakamidwa limauma gwa, limatupa, nthawi zina n'kudwala nalo malungo a bere, komanso thupi limamva ngati mkakawo sukufunika n'kuyamba kuuchepetsa. Mkaka umabwera molingana ndi mmene ukuchotsedwera. Nkhani ya phala ikane mwaulemu koma molimba. M'mimba mwa mwana wa miyezi itatu simunakhwime, ndipo phala lamadzi limangotenga malo a mkaka lilibe chakudya chofanana nawo. Mnyamata kapena mtsikana, n'chimodzimodzi.

Phindu kwa mwana ndi lenileni: mkaka wako uli ndi chitetezo chochokera m'thupi mwako, n'chifukwa chake oyamwa satsegula m'mimba kawirikawiri ndipo chibayo ndi matenda a m'khutu siziwagwira msanga. Kwa iwe mayi, kuyamwitsa kunathandiza chiberekero kubwerera m'malo, ndipo kumachepetsa mwayi wa khansa ya bere, ya thumba la mazira, ndi matenda a shuga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati bere lokha miyezi 6, kenako ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Koma chenjera apa. Amayi ambiri amadalira kuyamwitsa ngati kulera. Kumagwira pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, iwe usanayambenso kusamba, ndipo akuyamwa usana ndi usiku popanda mpata wautali. Ukayamba ntchito mpatawo watalika. Pita kukiliniki usankhe njira usanabwerere ku Kamwala, apo ayi Tiyamike apeza mng'ono wake asanayambe kuyenda.

Za kuntchito, lamulo la Employment Code Act la 2019, lomwe lija limapereka masabata 14 a tchuthi, limapatsanso mayi woyamwitsa ola limodzi patsiku, kapena mphindi 30 kawiri, mpaka miyezi 6 kuchokera pobereka. Ku Chawama sungafike n'kubwera pa ola limodzi, koma kukama ungakame.

Amake Tiyamike, Chawama

Zikomo amayi. Za ola limodzizo ndikauza abwana, tione nkhope yawo. Koma kukamako ndikamire kuti? Kuseri kwa sitolo kuli kachipinda ka mabelo, kotentha, anyamata onyamula katundu amangolowa osagogoda. M'chimbudzi sindingayerekeze. Ndipo firiji yathu imadalira malaiti, amene mukudziwa mmene akhalira. Mkaka wokama umakhala nthawi yaitali bwanji?

Mzamba Wopuma, Matero

Pamalo pozizira bwino m'nyumba, m'kapu yoyera yovundikira, uwerengere maola 4, makamaka nyengo yotentha ngati Okutobala. M'firiji yosazimazima ndi masiku mpaka 4. Kama m'mamawa mabere ali odzaza, umenewo amwe mpaka masana. Wokama kuntchito uike m'kabokosi kozizira ka madzi oundana, ukhale wa mawa. Yamba kuyeserera tsopano ndi manja, usadikire tsiku loyamba la ntchito. Masiku oyamba umatuluka timadontho tokha, usataye mtima.

Amake Dalitso, Garden

Ine ndilankhula zosiyana pang'ono, musandigende. Zonse zanenedwazi n'zoona, koma mayi nayenso ndi munthu. Wanga wachiwiri ndinayamwitsa ndi bere lotupa, lofiira mbali imodzi, thupi likunjenjemera. Ndinalandira mankhwala, ndinapitiriza kuyamwitsa monga anandiuzira, ndinachira. Koma nditabwerera kuntchito zokama sizinatheke, malo kunalibe, mkaka unachepa. Ndinkayamwitsa m'mawa, madzulo ndi usiku, masana amamwa wa m'chitini wokonzedwa bwino. Ali kusukulu pano, wathanzi. Chimene chinandipweteka koposa bere lija ndi maso a amayi anzanga pamzere wa sikelo ataona chitini m'chikwama.

Ndiye amake Tiyamike, yesani kukama kaye ndi mtima wonse. Zikakanika, sikuti mwasankha pakati pa bere ndi chitini mpaka kale. Bere la usiku lokha lili ndi phindu. Koma phala lokha ayi. Ndipo kwa ena owerenga amene akumwa ma ARV: inu musasinthe kayamwitsidwe musanakambe ndi anesi, chifukwa kusakaniza m'miyezi 6 yoyamba amakuletsani, ndipo mankhwala anu ndi a mwana asadumphe tsiku.

Za bambo a Tiyamike, alibe bere koma manja ali nawo. Mukamaliza kuyamwitsa apatseni mwana amubzyoletse, amusinthe thewera, amugoneke, inu mugone.

Atate Chikondi, Mtendere

Pepani kulowerera nkhani ya amayi. Kwathu zinali zomwezi, amayi anga ondibala ndiwo ankafuna phala. Mkazi wanga akawauza zinkamveka ngati mwano wa mkamwana. Ndinawatenga ndekha kupita nawo kusikelo, anesi anawaonetsa mzere wa pakadi ukukwera, n'kuwaphunzitsa kumwetsa mkaka wokama ndi kakapu: mwana akhale chokhala, kapu ingokhudza mlomo, azipsontha yekha, osamuthira. Atangoidziwa ntchitoyo anaitenga ngati yawo, moti ine ndikafuna kumwetsa ankandilanda kapu. Amake Tiyamike, auzeni bambo a Tiyamike kuti amayi awo akambe nawo ndi iwowo, ndipo tsiku la sikelo likubwerali apemphe chilolezo kuntchito mupite nonse atatu.