Chumuni chafooka kukoka, chonsecho utsi wazizirapo

Wa shifiti ya usiku:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Boyila yathu ndi ya malasha, zija utsi umadutsa m'machubu. Chumuni ndi cha mamita 30, fani palibe. Kuyambira mwezi watha presha ikukanika kukhazikika pa 10 bar, malasha akutha ambiri, ndipo ukatsegula chitseko cha ng'anjo utsi ukukubwerera kumaso. Chondizunguza mutu n'chakuti patsinde pa chumuni kutentha kwatsika kuchoka pa madigiri 260 kufika pa 190. Abwana akuti ndiye bwino, boyila ikumwa kutentha konse, tingotalikitsa chumuni kapena kugula fani. Ine mtima ukukana.

Fitala:
Machubu munapukuta liti, achimwene? Nthawi zambiri ndi mwaye.

Wa shifiti ya usiku:
Sabata yatha, onse, ndi burashi. Dampa nayo, kachitseko kochepetsera kapena kuchulukitsira utsi wopita ku chumuni, ndi yotsegula mpaka kumapeto.

Mdala wa maboyila:
Afitala, ukanakhala mwaye kutentha kukanakwera, chifukwa mwaye umatchinga kuti kutentha kusalowe m'madzi, utsi n'kumatuluka uli wamoto. Apa kwatsika, ndiye tiyang'ane kwina.

Chimene chimayendetsa utsi n'chakuti utsi wotentha ndi wopepuka kuposa mpweya wa panja. Mpweya wolemerawo umadzikankha kulowa pansi pa malasha, utsi n'kumakwera. Mphamvu yake imadalira kutalika kwa chumuni ndi kusiyana kwa kutentha mkati ndi kunja. Papepala, chumuni cha mamita 30, utsi uli pa 260 ndipo kunja kuli 30, chimakoka pafupifupi mamilimita 15 a madzi, kutanthauza mphamvu yokweza madzi m'kapaipi ndi mamilimita 15. Utsi ukatsika pa 190 zimatsala 12. Inu a usiku mukudziwa kale kuti moto umamvera kukazizira kusiyana ndi masana dzuwa likuswa mtengo.

Zimene akunena abwana anu zili ndi poyambira. Utsi ukazizira ndi madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono, mumapulumutsa pafupifupi 1% ya malasha. Koma zimatero pokhapokha kutenthako kwapita m'madzi. Kwa inu malasha akuchuluka, nthunzi ikuchepa. Ine ndikuganiza kuti mpweya wozizira ukulowera pena pake pakati pa boyila ndi chumuni.

Injiniya wa fakitale:
Ndikugwirizana ndi madala. Musanagule kanthu, bwerekani makina oyezera utsi, muyeze okosijeni ndi kutentha malo awiri: potulukira utsi m'boyila ndi patsinde pa chumuni. Ngati geji ya kakokedwe mulibe, pindani kapaipi ka pulasitiki koonekera mkati ngati U, thiranimo madzi, mbali imodzi mulumikize ku ng'anjo. Pamwamba pa moto pazikoka pang'ono chabe, mamilimita 2 mpaka 5. Madzi akangoima pamodzi kapena kukankhidwira kunja, ndiye utsi wakumaso uja.

Wa shifiti ya usiku:
Tayeza. Potulukira m'boyila okosijeni ndi 7%, kutentha kudakali 260. Patsinde pa chumuni okosijeni 11%, kutentha 190. M'ng'anjo madzi sakusuntha n'komwe.

Injiniya wa fakitale:
Basi, nkhani yaoneka. Mpweya wa panja uli ndi okosijeni 21%. Kuti 7 afike pa 11, ndiye kuti pa magawo khumi a zimene zikukwera m'chumuni, pafupifupi atatu ndi mpweya umene sunadutse pamoto. Sakanizani magawo asanu ndi awiri a 260 ndi atatu a 30, mupeza cha m'ma 190, ndendende zimene geji yanu ikunena. Mpweyawo ukuziziritsa utsi komanso ukudya malo m'chumuni. Fani ikanangokokera wambiri pa bowo lomwelo, magetsi n'kumapita pachabe.

Mdala wa maboyila:
Tengani kandulo muyende nayo pang'onopang'ono m'mbali mwa ngalande ya utsi yonse. Pamene lawi lagonera mkati, lembani ndi choko. Yambani ndi tizitseko tochotsera phulusa, polumikizira ngalande ndi chumuni, ndi pamene chitsulo chotembenuzira dampa chimalowera. Musazengereze nazo. Malasha amakhala ndi sulufule, ndipo utsi ukazizira kufika cha m'ma 130 mpaka 150, asidi amayamba kuchita mame pachitsulo n'kumachidya. Mutu wa chumuni umakhala wozizira kuposa patsinde pamene mukuyezapo.

Wa shifiti ya usiku:
Madala, kandulo inazima pakachitseko ka phulusa. Chingwe chotsekera m'mphepete chinapsa kale, zala zinayi zikulowa. Tapezanso mng'alu m'njerwa pansi pa ngalande, kumbali yoyang'ana khoma kumene sitipitako. Taika chingwe chatsopano, mng'alu tamata ndi simenti yopirira moto. Tsopano patsinde pali 245, m'ng'anjo mamilimita 6, presha yakhazikika. Koma okosijeni potulukira m'boyila wakwera kufika pa 9.

Fitala:
Dampa ija mwaisiya yotsegula yonse, eti?

Mdala wa maboyila:
Ndi yomweyo. Pa 9% mukulowetsa mpweya woposa wofunikira ndi 75%, pomwe pa 7% ndi 50%, ndipo wonsewo mukuutenthetsa ndi malasha anu. Tsekani dampa pang'ono, dikirani moto ukhazikike, muyezenso. Utsi ukayamba kuda pamwamba pa chumuni, bwezani pamene munali. Chizindikiro cha penti muike pamenepo kuti a shifiti ya masana asamaisunthe.