Kodi mkono wamatsenga ukhale ndi vuto lake m'masewera?

Kadzidzi:
Ndimatsogolera gulu losewera Dungeons & Dragons, masewera omwe wosewera aliyense amatenga mbali ya munthu wa m'nthano, ndipo mtengambali wa mmodzi mwa osewera, msilikali womenya nkhondo ndi lupanga ndi chishango, waduka mkono wamanzere polimbana ndi chinjoka. Wosewerayo wapempha kuti msilikaliyu aikidwe mkono wochita kupanga woyenda ndi matsenga. Chomwe chikundizunguza n'chakuti ndikaulola kugwira ntchito ngati mkono wachibadwa, kuduka kwake kudzaoneka ngati sikunachitike n'komwe, koma ndikauikira zovuta, ndikuopa kulanga munthu amene sanalakwe. Kodi anzanga mumatani pankhani yotereyi?

Mmisiri wa Zitsulo:
A Kadzidzi, opanga masewerawa nawonso anakumana ndi funso lomweli. M'buku la Eberron: Rising from the Last War la 2019, chiwalo chotchedwa Prosthetic Limb chinkafuna attunement, kutanthauza kulumikizana mwapadera kwa chida chamatsenga ndi mwini wake kuti chigwire ntchito, ndipo mtengambali amaloledwa kukhala ndi zida zitatu zokha zoterozo pa nthawi imodzi. Mu 2020, buku la Tasha's Cauldron of Everything linachotsa lamuloli. Ine ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa sikunali chilungamo kuti munthu ataye mwayi wa mphete kapena lupanga lamatsenga pongofuna kugwira chikho ndi manja awiri ngati anzake. Malinga ndi malamulowo, chiwalochi chimagwira ntchito mofanana ndi chomwe chinaduka, mwini wake amatha kuchivula ndi kuchivala, ndipo palibe amene angamuvule mokakamiza. Yambirani pamenepo. Mukafuna mkono wamphamvu zoposa, monga Arcane Propulsion Arm umene umaponyedwa ngati chida n'kubwerera, pamenepo attunement ndi yoyenera.

Nthenga ya Khwangwala:
Ndikugwirizana nawo pa za malamulo, koma sindikuvomereza kuti mkono wopanda chilango umafafaniza zomwe zinachitika. Kulemera kwa nkhaniyi kuli pa amene anaupanga ndi mmene anthu amauonera. M'nthano zakale za ku Ireland, mfumu Nuada itaduka mkono kunkhondo inachotsedwa pampando chifukwa mfumu sinkayenera kukhala ndi chilema, ndipo sing'anga Dian Cécht anaipangira mkono wasiliva. Mkonowo unkagwira ntchito, koma unasintha malo a mwini wake pakati pa anthu ake. Ngakhale m'mbiri yeniyeni, Götz von Berlichingen wa ku Germany anaduka dzanja lamanja pa nkhondo ya ku Landshut mu 1504, n'kupitiriza usilikali zaka zambiri ali ndi dzanja lachitsulo lomwe zala zake ankazipinda ndi dzanja linalo.

Choncho dzifunseni kuti mmisiri amene anasula mkonowo akufuna malipiro otani, ndiponso ngati analembapo chizindikiro chomwe adani ake angachizindikire. Lolani osewera aone msilikaliyo atakhala pafupi ndi moto usiku, akumasula malamba apaphewa, akuchotsa mchenga m'mfundo za zala ndi kuthiramo mafuta, kwinaku akumva kuyabwa pachikhatho chomwe kulibe. Kumva kuwawa kapena kuyabwa pa chiwalo choduka kumachitikiradi anthu ambiri oduka ziwalo. Chinthu chimodzi chomwe muyenera kugwirizana msanga ndi chomwe chidzachitike mkonowo ukalowa mu Antimagic Field, momwe zida zamatsenga zimasanduka zinthu wamba. Ine ndimalola kuti ukhalebe pathupi ndi kugwirizira chishango chomangirira, koma zala zisiye kuyenda.

Mlonda wa Nsanja:
Ine ndimayenda ndi mwendo woikirira, ndipo pempho langa n'lakuti mukambirane ndi wosewerayo panokha musanasankhe chilichonse. Ena amafuna kuti ulumali wa mtengambali wawo uzioneka m'nkhani, pomwe ena amangofuna kubwerera kunkhondo, ndipo onsewa sakulakwa. Konzekeraninso tsiku lomwe wansembe wa gululo adzafike pa mlingo wa 13 n'kuphunzira Regenerate, matsenga omeretsa chiwalo choduka m'mphindi ziwiri. Musaganize kuti msilikaliyo adzavomera. Munthu amene wamenya nkhondo zambiri ndi mkono womwe mnzake anamusulira angathe kukana, ndipo osewera enawo asamukakamize ngati kuti akufunika kukonzedwa.

Kadzidzi:
Zikomo nonse. Ndalankhula naye, ndipo wasankha mkono wamkuwa wopanda attunement, wosulidwa ndi mmisiri amene akufuna mamba a chinjoka chomwecho ngati malipiro. Gululo liyenera kubwerera kuphanga kwa chinjokacho sabata yamawa.